Buku la Abraham Ulrikab, Amene Anaonetsedwa kwa Azungu

Zolembedwa za anthu amene anaonetsedwa m'malo osungira nyama ku Ulaya nzambiri, koma kabuku ka Abraham Ulrikab kali pakokha, pakuti mlembi wace ndiye anali m'kati mwa mpanda. Iye anali wa mtundu wa Inuit, wa ku Hebron m'dziko la Labrador, Mkristu wa mpingo wa Moravian. M'caka ca 1880 Johan Adrian Jacobsen, wotumidwa ndi Carl Hagenbeck wa ku Hamburg, anatenga anthu 8 kumeneko, ndipo Abraham anabvomera ulendowo cifukwa ca ngongole yace ku sitolo ya mishoni.

Mphamvu ya bukuli ili m'kufatsa kwace. Abraham sakalipa, angolongosola phokoso la magaleta, cakudya cosazolowereka, ndi khamu la anthu a ku Berlin lopanikizana kuti liwaone. Ngakhale tsiku limene Jacobsen anakwapula mnyamata Tobias ndi cikoti ca agalu analilemba m'mau owerengeka, ndipo kucepa kwa mauwo ndiko kumapyoza mtima. Tsono woonerera ndiye asanduka woonedwa, ndi khalidwe lace lonse poyera.

Komabe wowerenga ayenera kucenjera. Zimene Abraham analemba m'cinenero cace zinatayika. Cotsala ndi Cijeremani ca mmishonale Kretschmer, cimene Hartmut Lutz anacitulutsa m'Cingerezi mu 2005. Mau odutsa pakamwa pawiri safika onse. Pamene mlembiyo adziimba mlandu wosamvera aphunzitsi ace, nkobvuta kulekanitsa cisoni cace ceniceni ndi zimene mmishonale anakonda kumva. Ndiponso banja la Tigianniak, losatembenuka, lioneka ndi maso a Mkristu yekha, lokha silinena kanthu.

Masamba omariza ngolemetsa. Jacobsen sanawatemeretse katemera wa nthomba pa nthawi yace. Mtsikana Nuggasak anafa ku Darmstadt mu December 1880, amace Paingu ndi kamwana Sara anafera ku Krefeld, ndipo apa nkhani ya Abraham isanduka pemphero la munthu wolakalaka kwao. Iye anamwalira ku Paris pa 13 January 1881, mkazi wace Ulrike natsiriza onse pa 16 January. Mafupa a asanu amene anafera ku Paris anasungidwa m'nyumba ya zakale ya mzindawo, kumene France Rivet anakawalondola patapita zaka zoposa 130.