Ulemu kwa Amisiri a Madalaivala

Ayenera ulemu ndithu amisiri aja amene, chiyambire Linus Torvalds kuumba Linux mu 1991, akhala akulemba madalaivala (mapulogalamu oyendetsa zipangizo) a disiki; pakuti iwo, podziwa kuti kuona maso a nkhono n'kudekha, anazindikira msampha wobisika: dalaivala akapempha memori ndi GFP_KERNEL (pempho la nthawi zonse) pamene memoriyo yachepa, kernel (mtima wa Linux) ikhoza kufuna malo polemba zina pa disiki, niyembekeza dalaivala yemweyo amene akuiyembekeza, kufikira zonse zitaima chilili. Chifukwa chake, pa njira yolembera amapempha ndi GFP_NOIO, imene siilola kernel kulemba pa disiki pofuna malo, nasungiratu mempool (memori yoika padera) monga mbewu yosadyedwa ngakhale m'chaka cha njala. Ndipo memori imene abwereka chipangizo mwa DMA (njira imene chipangizo chimafikira memori pachokha) saibweza chisanatsirize ntchito yake, kuopa kuti chingalembe pa zinthu za eni.