Mboni Zitatu za pa Intaneti pa Mlandu wa Chichewa

Pa bwalo la mfumu mlandu sugamulidwa chifukwa cha kuchuluka kwa anthu olankhula. Nduna ziyamba zafunsa mboni iliyonse ngati idaona ndi maso ake, kapena idangomva kwa wina. Zikapezeka kuti anthu khumi onse adamva kwa munthu mmodzi, bwalo liwerenga umboni wawo monga wa munthu mmodzi yekha. Mwambo umenewu ndiwo ayenera kupita nawo ku intaneti mphunzitsi amene ali kukonza phunziro la Chichewa, pakuti kumeneko olankhula achuluka, koma oona ndi maso achepa. Ndipo mlanduwu suli waung'ono ayi. Mwana wa m'Sitandade 6 amene kwawo kulibe buku lina alandira mawu a pa bolodi monga choonadi chenicheni, ndipo cholakwa chimodzi cha mphunzitsi chilowa m'makope a kalasi yonse tsiku limodzi.

Asanamve mboni, munthu ayenera kudziwa kuziitana ndi maina ake. Chinenerochi chili ndi maina angapo. M'Malawi chidatchedwa Chichewa pa msonkhano wa chipani cha Malawi Congress Party mu 1968. Kale m'mabuku a sukulu chinali Chinyanja, ndipo ku Zambia ndi ku Mozambique dzina limenelo likadalipo. Chotero wofufuza amene alemba liwu lakuti "Chichewa" lokha atsekera kunja mabuku ambiri a zaka zam'mbuyo pamodzi ndi zolembedwa za ku Chipata ndi ku Tete. Kalembedwe nakonso kadasintha. Bungwe la Chichewa Board, limene lidakhazikitsidwa mu 1972, lidatulutsa malamulo a kalembedwe mu 1973 ndi kuwakonzanso mu 1980 ndi mu 1990. Mabuku akale alemba "mau", "nchito", "bvuto" ndi "cimanga" pamene a tsopano alemba "mawu", "ntchito", "vuto" ndi "chimanga". Ngakhale dzina la mlembi wa buku la Nthondo la mu 1933 lipezeka pawiri, Ntara ndi Nthara. Makina ofufuzira sadziwa nthawi zonse kuti zimenezi n'zimodzi. Nkwabwino tsono kuyesa kalembedwe konse kuwiri, ndiponso kuika mawu ofunikawo pakati pa zizindikiro za mawu olankhulidwa, kuti makina afune mawu omwewo mu ndondomeko yomweyo.

Mboni yoyamba, imene kawirikawiri iimirira patsogolo pa zinzake, ndi Wikipedia. Nkhokwe imeneyi idayamba mu 2001, ndipo munthu aliyense angathe kulembamo kapena kukonza zimene adalemba mnzake. Ya Chingerezi ili ndi nkhani zoposa 6 miliyoni, koma ya Chichewa mu 2024 inali ndi nkhani zongopitirira pang'ono 1,000. Zambiri mwa izo n'zazifupi, ndipo zina zimveka msanga kuti zidachita kusandulizidwa kuchokera ku Chingerezi liwu ndi liwu, kotero kuti siziyenera kukhala chitsanzo cha chiganizo chabwino pamaso pa ana. Komabe kuikana mboni imeneyi kotheratu kungakhale kupanda chilungamo. Nkhani ya m'Chingerezi yofotokoza chinenerochi ili ndi zambiri zolongosoka, ndipo ubwino wake waukulu uli kunsi kwa tsamba, kumene atchula mabuku amene mfundo iliyonse idachokera. Wikipedia ili ngati mwana wolozera mlendo nyumba ya mfumu. Mlendo wanzeru athokoza mwanayo, koma nkhani yake akaitula kwa mfumu.

Vuto lina n'lakuti masamba ambiri angokopera kwa anzawo osanena kumene adatenga. Chitsanzo chili pa chaka chimene adabadwa Dr. Hastings Kamuzu Banda, amene adathandiza Mark Hanna Watkins ku Chicago polemba buku la malamulo a Chichewa la mu 1937. Boma la nthawi yake linkanena kuti adabadwa pa 14 May 1906, pamene Philip Short, m'buku la mbiri yake la mu 1974, adaika chaka cha 1898. Pa intaneti zaka zonse ziwiri zipezeka, chilichonse ndi khamu la masamba ochitsata. Mphunzitsi amene awerenga masambawo kuti aone mbali yochuluka wataya nthawi, chifukwa ambiri ali kubwereza mawu a munthu mmodzi. Chofunika ndicho kufunsa kuti chaka chilichonse chidachokera kwa yani, ndi chifukwa chimene mwiniyo adachinenera. Pamenepo angathe kuuza ana moona mtima kuti pali zaka ziwiri, ndi kuwafotokozera gwero la chilichonse.

Mboni yachiwiri ndi makina omasulira. Google Translate idalandira Chichewa mu December 2014, ndipo pa zaka zaposachedwa pabweranso mapulogalamu oyankha mafunso monga munthu. Mboni imeneyi ili ndi pakamwa posalala, ndipo iyankha msanga popanda kudodoma. Komatu chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere. Makina aphunzira chinenero pa zolembedwa, ndipo zolembedwa za Chichewa sizionetsa kukwera ndi kutsika kwa liwu. "Mtengo" wa m'nkhalango ndi "mtengo" wa pa msika zisiyana pakamwa, koma pa pepala zili chimodzimodzi. "Khungu" la thupi ndi "khungu" la maso n'chimodzimodzinso. Makina akapatsidwa liwu limodzi lokha angoganizira. Pa mawu a chibale ndiye vuto likula. Chingerezi chili ndi liwu limodzi lotchulira atsibweni ndi atate aang'ono omwe, pamene pakati pa Achewa anthu awiriwa ali ndi maudindo osiyana kutali, popeza atsibweni ndiwo mwini mbumba. Mawu monga "chikamwini" ndi "nkhoswe" asenza mwambo wathunthu umene liwu limodzi lachilendo silingathe kuunyamula. Choipa koposa n'chakuti mboni imeneyi nthawi zambiri sinena kumene idamva. Ithandiza munthu kumva mutu wa nkhani yachilendo, koma yankho lake lisalembedwe pa bolodi lisanayesedwe ndi mtanthauziramawu.

Mboni yachitatu ndi mabuku akale amene adajambulidwa ndi kuikidwa pa intaneti, ena mwa iwo m'nkhokwe yotchedwa Internet Archive. Mwa zitatuzi iyi ndiyo yolemekezeka, chifukwa itchula dzina lake, chaka chake ndi kwawo. Koma nayonso ifunika kuifunsa bwino. Mtanthauziramawu wa David Clement Scott wa mu 1892, umene Alexander Hetherwick adaukonzanso mu 1929, udalembedwa ku mishoni ya Blantyre ndipo ufotokoza makamaka Chimang'anja cha kumwera. Wa Johannes Rebmann, wosindikizidwa mu 1877 mwiniwake atamwalira, udalembedwa kufupi ndi Mombasa; mawu ake adachokera kwa Salimini, munthu amene adagwidwa ukapolo kuchokera ku dera la Lilongwe. Mabuku awiriwa ali chuma kwa munthu wofuna kudziwa malankhulidwe a makolo, koma sali oweruza a kalembedwe ka lero. Pa zimenezo mphunzitsi atembenukire ku Mtanthauziramawu wa Chinyanja wa mu 2000, wokonzedwa ndi Centre for Language Studies ya ku Zomba, imene idalowa m'malo mwa Chichewa Board mu 1996, kapena ku mtanthauziramawu wa Steven Paas, ndi ku mabuku a sukulu ochokera ku Malawi Institute of Education ku Domasi.

Poona zonsezi, tsamba lililonse liyenera kuyankha mafunso anayi lisanaloledwe kulowa m'kalasi. Adalemba ndani? Adalemba liti? Iye adazitenga kuti? Nanga ali kufuna chiyani kwa wowerenga, kumphunzitsa kodi, kapena kumgulitsa kanthu, kapena kumkopera ku mbali yake? Tsamba lokhala pamwamba pa mndandanda silikhala loona koposa chifukwa cha malo akewo, ndipo ena alipira ndalama kuti aoneke poyamba. Uthenga wa pa WhatsApp kapena pa Facebook wopanda dzina la mwini uli ngati mphekesera ya pa chitsime. Kufunsa kotere kutenga nthawi ndi ndalama za bandulo, koma kuona maso a nkhono n'kudekha. Ndipo kuli kothandiza kuti mphunzitsi alembe m'buku lake la chikonzekero dzina la mlembi ndi chaka pambali pa mfundo iliyonse, kuti mwana kapena woyendera sukulu akafunsa, yankho likhalepo.

Pali zina zimene mboni zitatuzi sizidziwa konse. Gule Wamkulu adalengezedwa ndi UNESCO mu 2005 kukhala chuma cha anthu a dziko lonse lapansi, ndipo zithunzi zake zadzaza pa intaneti. Koma maina a zilombo ndi matanthauzo ake asiyana dera ndi dera, ndipo ambiri olemba pansi pa zithunzizo anali alendo ongodutsa. Pa nkhani zotere ntchito ya ku Kungoni ku Mua, imene Claude Boucher adaiyamba mu 1976, ili ndi kulemera kwina, chifukwa idachokera m'zaka zambiri za kukhala ndi eni mwambo. Chimodzimodzinso pa mwambi, nthano kapena dzina la mudzi, mphunzitsi asaiwale kuti pafupi ndi sukulu yake pali agogo amene chinenerochi adayamwira. Akatha kumva za pa intaneti, apite kwa iwo ndi ulemu, akhale pansi, ndipo afunse. Pakuti safunsa adadya phula.