Kope la mayi wa pakiyosiki

Nkhani zambiri zomwe ophunzira utolankhani amabwera nazo kuchokera ku Ndirande, ku Mbayani kapena ku Bangwe zimayamba mofanana: anthu a dera lakutilakuti akudandaula. Kenako mayi wina anena kuti zinthu zafika povuta, ndipo kumapeto mneneri wa bungwe alonjeza kuti vutolo litha posachedwa. Mafunso omwe amaphunzitsa ku Malawi Institute of Journalism ndi ku MUBAS ayankhidwa onse: ndani, chiyani, kuti, liti. Koma Ndirande mulibemo. Mutafufuta dzinalo n'kulembapo Mtandire wa ku Lilongwe, palibe angazindikire.

Chimandiwawa pa kalembedwe kameneka n'chakuti kamagawiratu ntchito. Munthu wa m'deramo amapatsidwa yolira, wa mu ofesi yofotokoza. Chonsecho amene amadziwa bwino nkhaniyo nthawi zambiri ndi wolirayo.

Kakhaleni pakiyosiki ya madzi ku Ndirande mbandakucha. Zigubu zachikasu za malita 20 zandanda, zina zagona pomwepo kusungira eniake malo pamzere. Mayi wogulitsa madzi ali ndi kope lopindika m'makona, m'mene amalemba nambala ya pamita ndi ndalama zomwe watolera patsiku. Wophunzira akafika ndi foni yake yojambulira mawu amafunsa kuti, "Amayi, mukumva bwanji ndi vuto la madzili?" Funso lotere yankho lake ndi limodzi, ndipo mayiyo analiyankhapo kale kwa atolankhani ena. Akadakhala pansi kaye, n'kupereka moni wokwanira, n'kufunsa kuti madzi anasiya tsiku liti, anabwera nthawi yanji, n'kupempha kuona nawo m'kopemo, akadatuluka ndi masiku enieni omwe mpopi unali gwa.

Masiku amenewo ndiwo nkhani. Madzi ambiri a mu Blantyre amachokera mumtsinje wa Shire, pa Walker's Ferry, mtunda wa makilomita pafupifupi 40, ndipo amachita kukankhidwa ndi mapampu kuti akwere mpaka mumzinda. Magetsi akavuta, mapampu amaima. Wophunzira amene waika masiku a m'kope la mayi uja pambali pa masiku omwe magetsi anazima amapita kwa mneneri wa Blantyre Water Board ndi funso lomwe silingathe ndi lonjezo chabe. Alinso ndi lamulo lopatsa anthu ufulu wopeza mauthenga, lomwe linayamba kugwira ntchito mu 2020, ngakhale ophunzira ambiri amalikumbukira pamayeso pokha. Akafunsanso kuti mpopi ukauma amayi amatunga kuti, adzamulozera kumtsinje wa Nasolo, ndipo adzakhala atafika pakhomo pa nkhani ya kolera, amene mu 2022 ndi 2023 anapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno.

Palinso za chinenero, zomwe sitizikamba mokwanira. Wophunzira amafunsa m'Chichewa, n'kulemba m'Chingerezi kuti aphunzitsi achonge, ndipo nkhaniyo ikafuna kupita pawailesi wina amaibwezeranso m'Chichewa. Mawu a mayi uja akayenda ulendo umenewu amafika atatha mchere. Iye anati ana apita kusukulu osasamba, nsima waphikira madzi a pachitsime. Pawailesi timamva zoti anthu akukumana ndi mavuto osiyanasiyana. Masamba a Chichewa m'nyuzipepala alipo, Tamvani, Msangulutso, Fuko, ndipo wophunzira angapindule kwambiri atalemba nkhani yake m'Chichewa kuchokera pachiyambi, mawu a munthu n'kuwasiya momwe anatulukira m'kamwa.

Sindikuwaweruza anawa ayi. Ambiri amapita kumeneko ndi ndalama ya minibasi ya ulendo umodzi, nkhani ikufunika mawa m'mawa. Ena anakulira m'madera omwewo, koma anamva penapake kuti zomwe amadziwa zapakwawo si nkhani, nkhani imayamba nduna ikafika. Amenewa ndiwo ndimawamvera chisoni kwambiri, chifukwa ali ndi chimene mtolankhani wochokera kutali sangagule: amadziwa wa kabaza amene angakuuzeni mlatho womwe wayamba kugumuka, amadziwa khomo la amfumu ndi nthawi yabwino yogogodapo.

Namondwe wa Freddy atagumula phiri la Soche m'mwezi wa Marichi 2023, makamera anadzaza ku Chilobwe kwa masabata angapo, kenako anachoka. Mafunso anatsala pomwepo. Omwe anali m'misasa anapita kuti? Ndani wamanganso m'munsi mwa phiri, ndipo malowo anamugulitsa ndani? Wophunzira sangapikisane ndi nyumba zikuluzikulu zofalitsa nkhani pa liwiro, koma angabwerere pakhomo lomwelo kachiwiri ndi kachitatu. Ulendo woyamba amamulandira panja, ataima. Pofika wachitatu amamuyalira mphasa, ndipo mayi wa pakiyosiki amalowa m'nyumba kukatenga kope la chaka chatha lomwe poyamba sanalitchule.