Mnzake Woipa Alibenso Nkhope

M'chaka cha 2024 ndinapemphedwa kuwerenga nkhani zifupizifupi zimene ophunzira a pasukulu ina ya sekondale m'dera la Mfumu Lukwa, ku Kasungu, analemba. Zambiri zinali zokhudza foni. Ndinasangalala poona kuti ana athu ayamba kulemba za moyo wawo, koma nditamaliza mtima wanga sunakhutire.

Pafupifupi nkhani iliyonse inayenda njira imodzi. Mtsikana wosunga mwambo apeza foni, mnzake woipa amulowetsa pa Facebook, kenako mimba, sukulu yathera panjira, ndipo agogo atseka nkhani ndi mwambi wakuti mawu a akulu akoma akagonera. Sindikutsutsa mwambiwo. Chimene ndikudandaula n'chakuti olembawo anabwereka chikombole chakale osaona ngati njerwa zake zikukwana pa nyumba ya lero.

Chikombolechi tikuchidziwa. Samuel Josia Nthara, m'buku lake la Nthondo la 1933, anatipatsa munthu wolowerera m'zoipa yemwe pamapeto pake atembenuka mtima. John Gwengwe, mu Kukula ndi Mwambo la 1965, anaonetsa mudzi umene ukulera mwana. M'dziko la mabuku amenewa wosokoneza mwana anali ndi nkhope ndi dzina. Amalume ankatha kumuloza chala ndi kumuletsa kufika pakhomo.

Lero si choncho. Mdzukulu wanga wa kwa Lukwa komweko anakana nsima masiku awiri bambo ake atangogulitsa fodya ku Chinkhoma. Ankafuna foni yojambula bwino. Nditamufunsa amene anamunyengerera, anandiyankha kuti, "Agogo, palibe. Kungoti pa gulu lathu la WhatsApp aliyense amaika chithunzi, ine ndekha ayi." Palibe anamutukwana, palibe anamukakamiza. Chinamupweteka ndi kusatchulidwa, kuona anzake akuyamikirana pa TikTok iye ali chete ngati mlendo pamaliro.

Apa ndi pamene pali nkhani yeniyeni, ndipo olemba athu akuilambalala. Chikoka cha anzawo masiku ano chilibe mwini. Chimalowa m'chigafa mnyamata akusoka fodya, chimagona naye pamphasa usiku. Ndani walemba za mtsikana wobwereka diresi kuti ajambulitse n'kubweza lisanade? Nanga za mnyamata wotapa chimanga m'nkhokwe kuti agule bandulo ya Airtel kapena TNM? Nanga za bambo wopanga tenanti pa esiteti amene atenga ngongole poopa kuti mwana wake asekedwa?

Vuto lina ndi lakuti nkhanizi zimalanga mtsikana yekha. Mnyamata amene anafalitsa chithunzi chake amangozimirira m'ndime yachitatu, pamene lamulo la Electronic Transactions and Cyber Security Act la 2016 limaletsa kuzunza munthu kudzera pa intaneti. Mlembi akamabisa wolakwa, akuphunzitsa owerenga kuti manyazi ndi a wozunzidwa.

Mlandu sindikuuika pa ana aja. Analemba zimene ife akuluakulu timapatsa malikisi. Tawazoloweretsa kuti nkhani yabwino ndi yothera pa chilango, ndiye amathamangira chilangocho asanamvetse munthu wawo.

Pempho langa kwa alembi anzanga ndi ili: tisanatole mwambi, tiyambe takhala pansi ndi kumvetsera. Mdzukulu wanga sanatenge mimba, sukulu sanasiye. Foni anamugulira, ndipo feteleza wa chaka chimenecho anaperewera. Nkhani imeneyo sindinaiwerengebe m'Chichewa.