Tab ya "Masanga" ndi zala ziwiri za Bosco

Tab ndi mizere isanu ndi umodzi yoimira nsambo za gitala, ndipo manambala ake amakuuza poti udinikize chala. Imathandiza munthu wosadziwa kuwerenga manotsi. Koma pa mawebusaiti ngati Ultimate Guitar aliyense amaikapo yake, ndipo nyenyezi zimene owerenga amapereka nthawi zambiri zimangosonyeza kuti tabyo ndi yosavuta. Sizitsimikizira kuti mwini nyimbo ankaimba choncho.

Tengani "Masanga" ya Mwenda Jean Bosco, imene Hugh Tracey anajambula mu 1952 ku Jadotville, komwe lero ndi Likasi, m'dziko la Congo. Pa gitala, liwu limodzi limapezeka pa nsambo ziwiri kapena zitatu. Wolemba tab pongomvetsera akhoza kulondola mawu onse, koma n'kuwaika pamalo olakwika, makamaka ngati sanazindikire kuti Bosco ankamanga kapo. Wophunzira amatambasula zala mpaka kupweteka, n'kumadziona ngati mbuli, chonsecho Bosco dzanja lamanzere silinkayendayenda chotero.

Vuto lalikulu lili kudzanja lamanja. Bosco ankakhwacha ndi zala ziwiri zokha: chachikulu chikuyendetsa besi, chamkombaphala chikuyankha pamwamba. Kukoma kwa nyimboyi kuli pa kulowerana kwa zalazi, ndipo tab wamba siinena chala chokhwachira, ngakhalenso kutalika kwa liwu. Ukatsatira manambala okha, nyimbo imatuluka yowongoka ngati ya sukulu.

Zolembedwa mosamala zilipo, kungoti sizibwera pamwamba ukafufuza pa Google. David Rycroft anailemba "Masanga" m'manotsi m'magazini ya African Music mu 1961, atafufuzanso kagwiridwe ka gitala kamene kangatulutse mawuwo. Gerhard Kubik anajambula oimba pa kanema, ndipo m'kanema wake wa African Guitar muli Bosco komanso Daniel Kachamba wa ku Chileka. Kwa ine mphindi imodzi ya kanemayo, utaichepetsa liwiro, imaposa ma tab khumi, chifukwa umaona pamene pali kapo ndi chala chimene chakhwacha.

Olemba tab sindikuwanyoza. Ambiri amagwira ntchitoyi kwaulere, usiku. Chimene ndimawadandaula nacho n'chakuti sanena kumene achokera. Pamwamba pa tab pazilembedwa chaka cha nyimbo yomwe wamvetsera, kachunidwe ka nsambo, pamene pali kapo, ndiponso ngati manja a woimbayo anawaona kapena anangomva ndi khutu.