Mmisiri Wobena Kanema Amayamba Wafunsa

Pa Mponela, pa Madisi, ngakhale pa Malomo ku Ntchisi, timashopu tobenera nyimbo ndi makanema tili mbwee. Anyamata ambiri amangokopera fayilo n'kulandira ndalama. Koma alipo ochepa amene ukawapatsa fulashi amayamba akufunsa kuti, "Achimwene, mukaonera pa chiyani?" Ameneyo ndiye mmisiri. Amadziwa kuti kanema wowala bwino pa laputopu akhoza kukakana kunyumba, anthu atadzaza kale pamkeka.

Yankho la kasitomala ndi limene limamuuza chochita. Ngati kunyumbako kuli DVD yakale yokhala ndi polowetsa fulashi, amatsegula Format Factory n'kusankha AVI ya Xvid, ndipo salola chithunzi kupitirira 720 m'lifupi ndi 576 m'litali, muyeso wa PAL umene Malawi adatengera, wa zithunzi 25 pa sekondi. Akapitirira pamenepo, makinawo amangolemba kuti sakuidziwa fayiloyo. Ngati ndi pulazima, amapanga MP4 ya H.264 pa 1280 ndi 720. H.265 amaidziwa, amadziwanso kuti imachepetsa fayilo osaononga chithunzi, koma amaipewa chifukwa ma TV ambiri akale saitsegula. Wa foni ya mabatani amamupangira 3GP.

Luso lenileni lili pa kupanikiza. Mlimi wa fodya ku Dowa amadziwa kuti belo ukalidinda mopitirira pa jeke, masamba amamatana n'kuonongeka. Ukalilekerera, limatenga malo a mabelo awiri. Nayenso wobena amafuna pakatikati. Kanema wa maola 2 akamupatsa 1,500 kbps, amatuluka pafupifupi 1.5GB, ndipo pa TV yaing'ono amaoneka bwino. Koma nambalayo saigwiritsa ntchito mwachimbulimbuli. Mlaliki woima malo amodzi patsogolo pa khoma loyera safuna zambiri. Gule wamkulu ndi nkhani ina: fumbi likatuwa, nsanza ndi nthenga zikuzungulira, chithunzi chopanikizidwa kwambiri chimasweka n'kukhala timabokosi. Chimodzimodzi kwaya yovala zitenje za maluwa ang'onoang'ono, yojambulidwa pafupi ndi nkhalango ya Ntchisi masamba akugwedezeka. Pamenepo amakweza nambala, ndipo poyesa sataya nthawi ndi poyambira. Amadumphira pamene pali mdima ndi pamene anthu akuvina, popeza zolakwika zimabisala pomwepo.

Amasamalanso maonekedwe a anthu. Kanema wa 16:9 ukamukakamiza kudzaza TV yakale ya 4:3, mkwati amatalika nkhope, mkwatibwi n'kuonda ngati wadwala. Mmisiri amasiya mizere yakuda pamwamba ndi pansi. Wina akadandaula kuti chithunzi sichikudzaza, amamuyankha modekha: "Bambo, mukufuna sikirini yodzaza kapena mwana wanu aoneke mmene alili?"

Pa mawu ndiye pamagwa ambiri. Kanema wojambulidwa pa foni nthawi zambiri sakhala ndi chiwerengero chokhazikika cha zithunzi pa sekondi, ndipo ukamusintha mosasamala, pakamwa pamatsogola mawu n'kumabwera pambuyo. Iye amakhazikitsa chiwerengerocho asanayambe. Mawu opangidwira masipika 6 amawabweza kukhala a masipika 2, MP3 kapena AAC pa 128 kbps, n'kuwakweza pang'ono kuti olankhula amveke ngakhale mvula ikuomba pamalata kapena jenereta ikulira kuseri kwa vidiyo sho. Amakumbukiranso kuti makina akale amawerenga fulashi ya FAT32, yomwe silandira fayilo yoposa 4GB, choncho ukwati wautali amaudula pawiri, pamalo poti palibe amene akulankhula.

Pali zinthu ziwiri zimene salola. Choyamba, sanamiza munthu kuti kanema wotumizidwa pa WhatsApp angasanduke HD. Chimene chidatayika popanikiza sichibwerera, fayilo imangonenepa. Chachiwiri, safufuta fayilo yoyambirira. Nthawi iliyonse imene kanema asinthidwa amataya kena kake, ndiye kusintha wosinthidwa kale n'kumupha. N'chifukwa chake amasunga maukwati, zinkhoswe ndi makwaya pa hadidiraivi yake, atalemba mudzi ndi chaka. Banja likadzagulitsa fodya kapena soya n'kugula pulazima, amadzawapangira wina watsopano kuchokera pa woyambirira uja, wogwirizana ndi TV yatsopanoyo.