Nyumba ya Miyala ya ku Khondowe

Kwathu ku Mpingu, kale mwininyumba akamwalira, nyumba yake inkagumulidwa mwambo wa maliro ukatha. Mbiri ya munthu inkasungidwa m'dzina lake ndi pakamwa pa akuluakulu, osati m'zipupa. N'chifukwa chake munthu wa kuno amayamba wadabwa akafika ku Livingstonia, m'boma la Rumphi, n'kupeza nyumba ya munthu amene anachokamo mu 1927 ikusamalidwabe.

Nyumbayi, yotchedwa Stone House, inamangidwa mu 1903 ndipo munkakhala Dr Robert Laws. Amishoni a ku Scotland anayamba ntchito yawo ku Cape Maclear mu 1875, nasamukira ku Bandawe mu 1881, koma malungo anawalondola konseko. Mu 1894 anakwera kumtunda wa Khondowe kofuna mphepo yozizira. Kamangidwe ka nyumbayi kakuonetsa mtima wa munthu wotopa ndi kusamuka. Zipupa zake ndi za miyala, zopanda zokometsera, ndipo khonde lake ndi la mthunzi wabwino. Si nyumba yokongola monga tchalitchi cha pamalopo, koma inakhala mwamphamvu ngati munthu amene wanena kuti pano sindichoka.

Lero ndi nyumba yosungiramo zinthu zakale. Muli zithunzi, makalata ndi zipangizo za amishoni oyambawo. Apa m'pamene pali dandaulo langa. Nyumba yotere imakokera maso onse kwa mwini wake, ngati kuti Laws anaswa yekha miyala ndi kuisenza. Mutu umodzi susenza denga. Nanga amisiri amene anaumba zipupazi? Nanga ophunzira a sukulu ya Overtoun, monga Levi Mumba ndi Clements Kadalie, amene maphunziro omwewo anawasandutsa chida chotsutsira ulamuliro wa azungu? Iwowa alibe nyumba za miyala zowakumbukira, choncho mlendo ayenera kulowa nawo m'mutu mwake.

Chinthu chimene chimandigwira mtima chili panja. Mu 1959, pa nthawi ya chipwirikiti, ndege ya boma inaponya uthenga wofunsa ngati amishoni akufuna kuthawitsidwa. Iwo atakambirana ndi anzawo akuda anakana, ndipo anayala pa kapinga zilembo zikuluzikulu zoloza ku Aefeso 2:14, kuti woyendetsa ndege awerenge ali m'mwamba. Zilembozo zilipobe pafupi ndi nyumbayo.